A Mfuko ndi Maenje Oiwalika

Mukakumana nawo panjira a Mfuko, musakhumudwe akapanda kukuyang'anani kumaso. Si mwano ayi. Maso awo amakhala pansi nthawi zonse, ndipo moni amaupereka akuyang'ana zala za kumapazi kwanu. Ana amati akufunafuna singano imene anataya ali mnyamata. Akazi awo amati ayi, akungozonda abwenzi awo, popeza abwenzi awo onse ali pansi pa nthaka.

Ntchito yawo ndi yokumba zimbudzi, ndipo aigwira zaka zoposa makumi atatu. Dzina la Mfuko linabwera ndi ntchitoyo, dzina lawo lenileni n'kukwiririka, moti ngakhale pa kabuku kawo ka kuchipatala analembapo lomwelo. Ndi ntchito yodabwitsa mukaiganizira bwino. Aliyense amaifuna, koma palibe amene amafuna kuonedwa akucheza ndi mwini wake. Munthu chimbudzi chikamudzadzira amabwera m'mamawa, kudzera kuseri kwa nyumba, n'kuyamba ndi nkhani za mvula. Za mvulazo zikatha, amakanda kumutu n'kuti, "Paja kanyumba kaja..." A Mfuko samudikira kuti amalize. Amangofunsa kuti pakhomopo pamadya anthu angati, chifukwa kuya kwa dzenje kumachokera pamenepo.

Zida zawo n'zochepa: piki, fosholo yodula mpini kuti izitembenuka bwino m'dzenje, ndowa, ndi chingwe chokhala ndi mfundo zoyezera kuya. Koma chida chimene amachikonda kuposa zonse ndi chitsulo chachitali kuposa iwo, chonenepa ngati chala chachikulu, chosongoka kunsi, chogwirira chake chopingasa ngati chiwongolero cha njinga. Asanakumbe paliponse amayamba abaya nthaka ndi chitsulocho. Pamene sipanakumbidwepo chiyambire, chitsulo chimalowa pang'ono n'kukana. Pamene panakumbidwa n'kukwiriridwa, kaya ndi chaka chatha, kaya ndi kale iwo asanabadwe, chimangolowa ngati mpeni m'papaya lakupsa. Amachita izi poopa kukumba dzenje latsopano n'kubowolera m'lakale. Zinawachitikirapo kamodzi ali achinyamata, ndipo sakonda kuzikamba.

Kuseri kwa nyumba yawo kuli kachipinda kopanda zenera. Ena m'kachipinda kotero amagonekamo nkhuku kapena njinga. Iwo amasungamo dothi. Pa matabwa atatu pali timabotolo ta mankhwala totha ntchito, toposa zana, ndipo m'kalikonse muli dothi limene anatapa pansi penipeni pa dzenje tsiku lomaliza kukumba. Muli katondo wofiira, makande akuda onanda ngati phula, lubwe, mchenga wa mitundu mitundu. Sanalembepo kanthu chifukwa kulemba sanapite nako patali, koma mutaloza kabotolo kalikonse angakuuzeni kuti ndi ka pakhomo pa ndani, chaka chiti, ndipo mfundo zinali zingati. Anayamba kusunga atadabwa tsiku lina kuti nyumba ziwiri zoyandikana, zobwerekana ngakhale mchere, pansi pake pali dothi losiyana ngati usana ndi usiku. Ankafuna adziwe chifukwa chake. Mpaka lero sanachipeze chonse, koma mudzi wonse kunsi kwake amaudziwa ngati mmene mayi amadziwira mutu wa mwana wake.

"Anzathu amasunga zithunzi za ana awo," amatero akazi awo. "Awa amasunga matope."

M'zaka zonsezo dzenje limodzi lokha ndilo linawakanika. Linali la telala, amene anamanga nyumba kumtunda kwenikweni kwa mudzi, pamiyala, kumene ngakhale mbuzi sizichedwako. Chinali chilimwe chowawa, mitsinje itauma. A Mfuko atafika pa mfundo yachisanu, madzi anayamba kutumphuka pakhoma la dzenje. Anakapa tsiku lonse, m'mawa mwake anapeza afika m'chiuno. Anakapanso, madziwo osamva. Anamuuza telala kuti pamenepa chimbudzi sichitheka, n'kuponyamo miyala kutseka. Telala ndi munthu wa pakamwa, ndipo nkhaniyo anaisoka bwino kuposa mmene amasokera mathalauza. Kuyambira pamenepo, mvula ikangoyamba kudontha, wina amakuwa, "Thawani a Mfuko, adani anu aja afika."

Madzi m'mudzimo anali nkhani ya misozi. Amayi ankapita kumtsinje, ulendo wa ola lathunthu kupita kokha, kukafukula mumchenga n'kudikira kuti madzi azisonkhana pang'onopang'ono m'kadzenje momwe ng'ombe nazo zinkamwera. Ana ankatsegula m'mimba chaka ndi chaka. Akazi a a Mfuko, amene chiuno chinayamba kuwavuta, ankanyamuka ndi anzawo koma ankabwera okha, dzuwa lili pamutu, atapumira katatu panjira. Mwamuna wawo ankawachingamira pa mtengo wa mango n'kulandira chidebe, anthu akuseka kuti mfuko wayamba kusenza.

Choncho tsiku limene amayi apampando a komiti ya madzi analengeza kuti bungwe lina lavomera kukumba chitsime chotchinga bwino, cha simenti, chokhala ndi mjigo pamwamba, mudzi wonse unasangalala. Koma amayiwo anawonjeza mawu amene aliyense anawasunga. Chitsimecho n'chimodzi. Midzi yodikira ndi yambiri, ndipo chikalakwika, bungwelo silidzabweranso.

Kunabwera mmisiri wa madzi, mayi wachitsikana wa chipewa ndi nsapato za jombo, atanyamula tepi yoyezera ndi pepala lalikulu. Lamulo lake linali limodzi: chitsime chitalikirane ndi chimbudzi chilichonse mamita makumi atatu. Anazungulira mudzi akuyeza, akulemba timitanda papepala paliponse pamene waona kanyumba. Mwini golosale, munthu wokonda kutsogola pa zinthu, anapereka malo kuseri kwa golosale yake, pakadikha pamene pali tsinde la nthochi lobiriwira chaka chonse.

"Taonani nokha, mayi," anatero. "Mudzi wonse wauma ngati chikopa, koma nthochi izi zikuseka. Bambo anga anadzala pano chifukwa anadziwa kuti pali madzi. Anali munthu wophunzira."

Anthu anavomereza. Ndani angatsutsane ndi masamba obiriwira m'chilimwe? Mmisiri anayeza, napeza kuti chimbudzi chapafupi chili kutali mokwanira. Anakhoma chikhomo chopaka utoto wofiira pambali pa nthochizo, nati okumba afika pakatha masiku atatu.

A Mfuko ku msonkhanowo kunalibe. Sapita kumisonkhano, chifukwa akakhala pa benchi anthu amasunthira kumapeto. Chikhomocho anachiona madzulo akuchokera kuntchito, piki ili paphewa. Anaima nthawi yaitali, mpaka galu wa pagolosale anatopa kuwauwa.

Apa mpofunika kubwerera m'mbuyo zaka zisanu ndi zinayi. Bambo a mwini golosale anali kalaliki wopuma ntchito, munthu wa tayi ndi jekete ya bulauni ngakhale kutenthe bwanji. Malo a nthochiwo kale anali mkati mwa mpanda wa njerwa, ndipo m'katimo a Kalaliki anali ndi chimbudzi chawochawo, cha loko, chomwe ngakhale alendo sankachidziwa. Amene anachikumba ndi a Mfuko. Tsiku lina m'dzinja, masana anthu onse ali kumunda, a Mfuko akudutsa kuseri kwa mpandawo anamva mawu ochokera pansi, mawu aulemu ngati a munthu wogogoda pa ofesi.

"Pepani, kodi kunjako kukudutsa munthu?"

Chiswe chinali chitadya mitanda, ndipo pansi panagumuka ndi mwini wake. A Mfuko anakwera mpanda n'kuwavuula ndi chingwe cha mfundo chija. A Kalaliki atasamba katatu anatuluka, n'kuwagwira chanza ndi manja onse awiri. Chiyambireni ntchitoyo palibe anali atawachitirapo zimenezo.

"Zimene zachitika lerozi zithere pompano," anatero a Kalaliki. "Ngakhale ine nditafa. Mwandimva, achimwene?"

A Mfuko anavomera. Tsiku lomwelo anakwirira dzenjelo, a Kalaliki n'kudzalapo nthochi. Patapita zaka anamwalira. Mwana wawo, yemwe nthawi yonseyo anali kutauni, anabwera, nagwetsa mpanda, njerwa zake n'kumangira golosale. Tsopano chikhomo chofiira chinali chitaima pakati penipeni pa dzenje lija.

Tsiku lotsatira a Mfuko sanapite kuntchito. Anakhala pakhonde akunola piki yomwe inali yakuthwa kale. Akazi awo atafika ndi madzi anayala kansalu pakamwa pa mtsuko n'kuyamba kusefa. Pansalupo pankatsala matope ndi tizilombo tofiira tovinavina.

"Piki imeneyo mwainola kuyambira m'mawa," anatero. "Mukufuna kumetera ndevu?"

"Chikhomo chija achikhoma polakwika."

"Ndiye kawauzeni."

"Akandifunsa kuti ndadziwa bwanji."

"Ndiye mukawayankhe. Pakamwa munasiya m'dzenje liti?"

A Mfuko anayang'ana pansi. "Pali zina zimene ndinalonjeza munthu. Munthuyo anapita, sindingakamupemphe kuti andimasule."

Mayiwo anafinya kansalu kaja, n'kukhala pansi mosamala, dzanja lili pachiuno. "Mukunena za a Kalaliki ndi kusambira kwawo kuja?"

Piki inagwa.

"Wakuuzani ndani?"

"Inu amuna anga, mumandiyesa mwana? Munabwera chingwe chikununkha moti ndinachiyanika kumunda. Sabata yomweyo a Kalaliki anayamba kuyenda ndi malaya okha ngati anthu ena onse. Ine ndinangowerengera." Anaseka pang'ono, kenako kuseka kunatha. "Zaka zonsezi sindinauze munthu, ndiye musandiyang'ane choncho. Koma tamverani. Awo anagweramo kamodzi, n'kusamba. Ife mukufuna tizimwa tsiku lililonse?"

"Si dzenje lawo lokha. Pamenepo m'potsika. Zonse za kumtunda zimatsikira pomwepo. N'chifukwa chake nthochi zikuseka."

"Ndiye mwakhaliranji pansi?"

"Ndikalankhula chikhomo achizula. Akasowa pena, simenti ipita kumudzi wina. Inu mudzapitirira kumtsinje, ndipo anthu adzati wachotsa chitsime ndi Mfuko."

Mayiwo anayang'ana madzi a mumtsuko kwa kanthawi. "Awa ndimawaona kuti ndi oipa, ndiye ndimasefa, ndimawiritsa. A mumjigo adzatuluka oyera, ana azidzamwera pompo ndi manja. Ndani adzawiritse madzi a mumjigo?"

A Mfuko analowa m'kachipinda ka mabotolo n'kukhalamo mpaka chakudya chinazizira.

Tsiku la okumba linafika. Lole inatsitsa matumba a simenti, zikombole zoumbira mphete za m'chitsime, ndi amuna atatu a mapewa otambalala. Mudzi wonse unasonkhana pa nthochi paja. Amayi apampando anali pakati pothokoza bungwe pamene anthu anayamba kupatuka okha, monga amachitira nthawi zonse a Mfuko akamadutsa. Anali atanyamula chitsulo chawo. Akazi awo ankabwera pambuyo, pang'onopang'ono.

"Mwasochera, a Mfuko," anatero telala. "Lero tikukumba cholowetsa, osati chotulutsa."

Anthu anaseka. A Mfuko sanatembenuke. Anapita kwa mmisiri, navula chipewa.

"Mayi, ndimapempha muone kanthu kamodzi. Sindichedwa."

Anaima panjira, mapazi khumi kuchokera pa chikhomo, naika nsonga ya chitsulo pansi n'kutsamira ndi thupi lonse. Chitsulo chinalowa ngati kutalika kwa chikhatho n'kuima. Anayesa pena, chimodzimodzi. Kenako anapita pa chikhomo chofiira, naika chitsulo pambali pake, n'kukankha ndi dzanja limodzi. Chinalowa. Chinapitirira kulowa, mwakachetechete, mpaka chogwirira chinagunda udzu.

Panalibe woseka. Anachizula pang'onopang'ono. Kunsonga kwake kunali matope akuda, onyowa. Mmisiri anawerama, nanunkhiza, n'kubweza mutu msanga.

"Bambo, tandibwerekani chitsulocho."

Anayesa yekha panjira, chinakana. Anayesa pa chikhomo, ndipo anatsala pang'ono kugwa chafufumimba. Anadzuka akupukuta manja pa thalauza, maso ake akuwala ngati mwana amene waona matsenga.

"Pano panali chimbudzi?"

"Chinalipo."

"Inu mwadziwa bwanji?"

"Ndinakumba ndine. Ndinakwiriranso ndine."

"Papepala langa mulibe."

"Papepalapo mwalemba zimene zili ndi denga, mayi. Zopanda denga n'zambiri kuposa zimenezo."

"Pafupi pano zilipo zingati?"

A Mfuko anatseka maso, milomo ikuyenda. "Kupatula ichi, zisanu ndi chimodzi. Zonse kumtunda kwa pano."

Zimene zinachitika kenako anthu amazikambabe. A Mfuko anatsogola, mmisiri pambuyo ndi pepala lake, mudzi wonse n'kutsatira ngati anapiye. Ankaima pamalo pooneka ngati pena paliponse, n'kubaya, chitsulo n'kumira. Dzenje lina linapezeka pansi pa khola la nkhuku. Lina pakati pa bwalo pamene ana amasewera mpira. Lina linapezeka pansi pa thandala loyanikapo mbale la amayi apampando, ndipo amayiwo anati limenelo ndi la apongozi awo, iwo sizikuwakhudza. Dzenje lililonse likapezeka pankabuka mkangano wa mwini wake, ndipo a Mfuko ankauthetsa ndi mawu awiri, dzina la pakhomo ndi chaka chake. Anthu amene anabadwira m'mudzimo anayamba kuponda mosamala, ngati alendo.

Mmisiri ankafunsa mafunso osatha. Dothi la pansi linali lotani? Madzi ankalowera mbali iti? Anali akuda kapena oyera? Palibe munthu anali atawafunsapo a Mfuko zinthu zimenezi, ndipo mayankho ankatuluka ngati akhala akudikira pakhomo zaka makumi atatu.

Atabwerera pa nthochi, mwini golosale anali ataima pomwepo, manja ali m'chiuno.

"Enawo sindikukana," anatero. "Koma pano ayi. Bambo anga chimbudzi chawo chinali kutsogolo uko, chilipo mpaka lero. Mukufuna kunyoza munthu amene sangadziyankhire?"

"Cha kutsogolocho ndi chachiwiri. Ndinakumbanso ndine."

"Nanga choyambacho anatsekeranji? Chinadzadza?"

"Sichinadzadze."

"Ndiye chinatani?"

Anthu onse anatchera khutu. Telala anasendera pafupi, pakamwa pali yasa. A Mfuko anayang'ana akazi awo, akazi awo n'kuyang'ana kumwamba ngati akuwerenga mbalame. Anayang'ananso pansi, pamene chitsulo chinasiya kabowo kakuda.

"Sankamvana nacho," anatero.

"Basi?"

"Basi. Munthu ali ndi ufulu wosintha chimbudzi."

Wina anayamba kuseka kumbuyo, ena n'kulandira, ndipo funso lija linamira m'phokosomo. Mmisiri anazula chikhomo. Koma atachigwira m'manja, kuseka kunazilala, chifukwa aliyense anaona kuti chikhomocho chilibe kopita. Anatambasula pepala lake, lomwe tsopano linali lodzaza timitanda ngati nsalu ya maluwa.

"Ndikuuzeni zoona," anatero. "Mmene zililimu, pakati pa mudzi palibe malo. Okumbawa sangakhale osagwira ntchito. Tikapanda kupeza pena lero, katunduyu akwera lole."

Apa maso a anthu anatembenukira kwa a Mfuko, ndipo sanali maso othokoza. Mayi wina wa mwana kumsana ananena mokweza kuti madzi a pa nthochi akanakhala abwino kuposa a ng'ombe. A Mfuko anayamba kupukuta chitsulo chawo ndi udzu, kuchipukuta ngakhale chitayera.

"Auzeni za dzenje la telala," anatero akazi awo.

"Ayi, mayi."

"Auzeni. Akusekani nalo zaka zokwanira, lero ligwireko ntchito."

Telala anawomba m'manja. "Lija anathawa lija? Mayi mmisiri, musataye nthawi. Kwathu kuja n'kumiyala. Ngakhale chitedze chimakana kumera."

Koma mmisiri anali atamva kale. "Munathawa chiyani, bambo?"

"Madzi."

"Mwezi wanji?"

"Ngati uno. Mwina kuuma kwake kuposa uno."

Mmisiri atamva kuti dothi la dzenjelo analisunga m'kabotolo, anawatuma kuti akakatenge, ndipo iye mwini anapita nawo. Anthu amene anasuzumira pakhomo la kachipindako amati mayiyo anaima pakati pa matabwa aja n'kuvula chipewa. A Mfuko anatenga kabotolo ka pakona, nakhuthulira m'dzanja la mmisiri. Munali mchenga woyera, wa maso akuluakulu, wosakanikirana ndi timiyala tosalala ngati ta mumtsinje.

"Madziwo ankachokera mbali ya kuphiri," anatero a Mfuko. "Ozizira, oyera ngati a m'botolo. Ndinalawa. Dzenjelo silinagwirepo ntchito, ndinatsekamo miyala yokhayokha. Cha telala ndinakakumba kumunsi, kutsidya kwa njira."

"Kumtunda kwake kuli maenje angati?"

"Kulibe. Sindinakumbeko, ndipo amene anandiphunzitsa ntchito sanakumbekonso. Mukakayika tikabaye."

Anakabaya. Anayenda uku ndi uku pamiyala paja mpaka dzuwa linapendeka, ndipo chitsulo chinakana paliponse kupatula pa dzenje lakale lija, pamene chinalowa m'mipata ya miyala. Mmisiri anayeza ndi tepi yake, nakhoma chikhomo mapazi makumi awiri kumtunda kwake, pamalo ouma, oyera mbee, pamene munthu wanzeru zake sakanaganizako za madzi. Anthu anabwerera kwawo akupukusa mitu. Kusiya nthochi zobiriwira, kukakumba pamene pamaothera abuluzi.

A Mfuko sanakumbe nawo. Amayi ena anali atanong'oneza kale kuti piki ya zimbudzi isayandikire chitsime, ndipo iwo anamva asanauzidwe. Ankabwera m'mawa uliwonse chimanjamanja n'kukhala pamwala chapatali. Tsiku loyamba anauza okumbawo kuti lubwe litha pa mfundo yachiwiri, kenako apeza katondo. Mkulu wa okumbawo anati, "Madala, ife takumba zitsime makumi anayi." Tsiku lachitatu katondo anatuluka. Tsiku lachinayi mkulu uja anabwera yekha pamwala paja, nawapatsa fodya, n'kufunsa kuti pansi pa katondo pali chiyani.

"Mwala wofewa, wotuwa. Musauope, umasweka. Mukaubowola muvale zazifupi."

Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndowa inatuluka ndi mchenga woyera, wonyowa. Wa m'dzenje anakuwa kuti mapazi ake ali m'madzi. Amayi anathamanga kuchokera kumakomo onse a m'munsi, ena atanyamula ziwiya ngati atunga tsiku lomwelo. Telala anauza aliyense kuti iye anadziwa kalekale, n'chifukwa chake anamanga kumeneko.

Okumbawo anapitirira masiku ena anayi, akukapa ndi injini, akutsitsa mphete za simenti. Apa a Mfuko anasiya kulosera. Sanafikepo kunsi kwa madzi chibadwire, ndipo ankasuzumira ndowa iliyonse yotuluka ngati munthu wolandira kalata yochokera kudziko limene sanapiteko. Tsiku lomaliza anatulutsa kabotolo m'thumba, napempha mkulu wa okumba kuti awatapireko dothi la pansi penipeni. Linali lobiriwira pang'ono, losalala ngati sopo. Analiyang'ana padzuwa nthawi yaitali.

"Ili sindinalionepo," anatero, ndipo nkhope yawo inali ya munthu amene wapatsidwa mphatso.

Madzi anatumizidwa kukayezedwa, ndipo yankho linabwera kuti ndi abwino. Anaika chivundikiro, namanga mjigo. Kuchokera pakhomo pa a Mfuko kukafika pamenepo ndi mapazi mazana atatu, chokwera popita chidebe chili chopanda kanthu, chotsika pobwera. Akazi awo amati amene anakonza zimenezo anaganizira chiuno chawo. Mmisiri asanachoke anakhala masiku awiri m'kachipinda ka mabotolo, akulemba zonse zimene a Mfuko ankanena, ndipo anasiya lamulo kwa komiti kuti kumtunda kwa mjigo kusakumbidwe dzenje lililonse, komanso kuti wofuna kukumba kwina kulikonse ayambe wafunsa mwini chitsulo. Pa benchi ya msonkhano anthu amasunthabe, koma pang'ono.

Patapita milungu itatu, m'mawa wina, a Mfuko anamva kutsokomola kuseri kwa nyumba. Anali mwini golosale. Anayamba ndi nkhani za mvula, kuti chaka chino ikuoneka ngati ichedwa. A Mfuko anavomereza. Kenako anati kanyumba ka kutsogolo kaja kayamba kudzadza. A Mfuko anafunsa kuti pakhomopo pamadya anthu angati tsopano, napangana tsiku. Koma munthuyo sananyamuke. Anatola kamtengo n'kumajambula pansi.

"Pali kanthu kamandizunguza," anatero. "Bambo atamwalira tinalongedza zovala zawo zonse. Matayi onse analipo, nsapato zinalipo. Koma jekete yawo ya bulauni ija, imene anajambulitsa nayo chithunzi chili m'golosale, sitinaipeze. Mayi ankati sakudziwa. Inu munkadutsadutsa kumeneko. Simunaionepo?"

Kukhitchini kunamveka chiwaya chikugwa, kenako kutsokomola kwa munthu amene akulimbana ndi kuseka.

A Mfuko anayang'ana zala za kumapazi kwa mlendo wawo.

"Majekete amatayika," anatero.

Mwini golosale anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anataya kamtengo kaja, naimirira, n'kutambasula dzanja. A Mfuko anayamba apukuta lawo pa malaya, ngakhale linali loyera, popeza m'mawa umenewo anali atasamba madzi a pamjigo.